Khansa mwa okalamba: zimene namwino amaona zomwe zaka zobadwa sizinena

Anthu awiri a zaka 72 atha kukhala pa benchi imodzi kuchipatala, onse atapezeka ndi khansa ya mtundu umodzi, koma osafanana ngakhale pang'ono. Wina dzulo lomweli anali kudimba kuthirira mpiru, ndipo wabwera yekha pa minibasi. Winayo sadzuka pamphasa popanda womugwira mkono, ali ndi BP ndi shuga, ndipo chaka chino wagwapo kale popita kuchimbudzi usiku. Mankhwala amene angamuwonjezere zaka woyambayo atha kumugwetseratu wachiwiriyo mwezi usanathe. Koma pafayilo onse alembedwa chimodzimodzi, zaka 72, ndipo kawirikawiri nambala imeneyi ndi imene imagamula mlandu: ena amawamana chithandizo choti akanachipirira, ena amawapatsa choti sangachipirire.

Munthu amene ali pamalo abwino oti aone kusiyanaku ndi namwino. Ndiye amalandira wodwala pachipatala chaching'ono cha kumudzi, ndiye amamukweza pa sikelo, amamuika dilipi, amacheza ndi gadiyani pakhonde. Dokotala wa khansa m'dziko muno amaonedwa mphindi zochepa, mwinanso pakatha miyezi. Namwino amaonedwa tsiku ndi tsiku.

Chifukwa chake khansa imakonda ukalamba

Thupi la munthu ndi maselo osawerengeka, ndipo tsiku lililonse ena amafa, ena amagawikana kuti alowe m'malo mwa akufawo. Selo likamagawikana limakopera malangizo ake onse omwe ali mu DNA, ndipo pokoperapo nthawi zina pamalakwika. Zolakwika zambiri thupi limazikonza lokha, apo ayi limapha selo lolakwikalo. Koma zina zimapulumuka n'kukhalirira. Khansa siyamba ndi cholakwika chimodzi. Zimaunjikana, china chaka chino, china patapita zaka 10, mpaka selo lina litaleka kumvera lamulo loti lisiye kuchulukana. Utsi wa fodya, mowa, chuku ndi mavairasi ena zimafulumizitsa kuunjikanako. Munthu akamakula zolakwikazo zimakhala zachuluka, pomwe mphamvu yozikonza ndi ya chitetezo cha m'thupi zikutsika. N'chifukwa chake ku America theka la anthu opezeka ndi khansa amakhala atapitirira zaka 65.

Ku Malawi zinthu zakhala zikuoneka mwina. Kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 17.5 miliyoni, ndipo a zaka 60 kupita m'tsogolo anali pafupifupi 5 mwa 100 alionse. Pamwamba pa apo, HIV inabweretsa khansa ya Kaposi ndi ya khomo la chiberekero kwa anthu a zaka za m'ma 30 ndi 40. Motero zitseko zopezera khansa zinaikidwa kumene achinyamata ndi amayi obereka amapita: kusikelo, kolera, kolandira ma ARV. Mayi amene anasiya kubereka kalekale alibe chomupititsa kumeneko. Tsopano ganizirani kuti ma ARV aulere anayamba mu 2004. Munthu amene anawayamba ali ndi zaka 40 lero wadutsa 60. Umenewu ndi m'badwo woyamba kukalamba ndi kachilomboka, ndipo malinga ndi bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO, mayi amene ali ndi HIV ali pachiopsezo chowirikiza kasanu ndi kamodzi chodwala khansa ya khomo la chiberekero.

"Ndi ukalamba basi"

Khansa ya kummero, imene Malawi ali m'gulu la mayiko okhudzidwa kwambiri padziko lonse, imabwera mwakachetechete. Poyamba ndi nyama imene imakana kutsika. Agogo amati mano atha, n'kuisiya. Kenako mbamu ya nsima imaima pachifuwa, ndiye amayamba kutema timbamu ting'onoting'ono n'kumasindikiza ndi madzi. Apabanja amaphika nsima yofewa, kenako phala, kenako thobwa lokha. Sitepe iliyonse imaoneka ngati chisamaliro chabwino, ndipo ndi chisamalirodi, koma ikubisa matenda. Pofika kuchipatala munthu akulavula malovu m'kachitini chifukwa nawonso sakutsika. Funso limodzi la namwino, "Agogo, nsima ikutsika bwinobwino ngati kale?", likhoza kudula miyezi ingapo pa ulendo umenewu, chifukwa aliyense amene kumeza kukunka kumuvutiravutira ayenera kutumizidwa kokamuunika kummero ndi kamera, osati kupatsidwa mankhwala a zilonda za m'mimba mwezi ndi mwezi.

Nkhani ya amayi ndi imene imandiwawa kwambiri. Mayi amene anasiya kusamba zaka zapitazo akaona magazi, ambiri amangoti "ndayambiranso kusamba", ena amachita manyazi kuuza ana awo, makamaka ngati womuperekeza kuchipatala ndi mwana wamwamuna kapena mkamwini. Akafika n'kunena za chikazi chonunkha, zimachitika kuti amapatsidwa mankhwala a matenda opatsirana pogonana, kamodzi, kawiri, popanda womuyang'ana. Magazi otuluka munthu atasiya kusamba sikuti nthawi zonse ndi khansa, koma nthawi zonse ndi chifukwa chokwanira choti namwino amugoneke pabedi, aone khomo la chiberekero ndi maso, ndipo ngati pali chokayikitsa, adule kanyama kokayeza ku labu.

Pali mfundo ina imene anthu ambiri saidziwa. Njira yoyezera khansa ya khomo la chiberekero popaka viniga ija, imene yakhala msana wa pulogalamu ya dziko lino ndipo imalunjika amayi a zaka 25 mpaka 49, imadalira kuti namwino aone malo amene khungu la kunja kwa khomo la chiberekero limakumana ndi la m'kati. Khansa imayambira pamalire pamenepo. Mayi akasiya kusamba, malirewo amabwerera m'kati mwa njira, kosaoneka. Namwino atha kupaka viniga, osaona choyera chilichonse, n'kumuuza mayi kuti ali bwino, pomwe vuto labisala m'katimo. Choncho kwa amayi otere viniga sadalirika, ndipo malangizo a WHO a 2021 amaika patsogolo kuyeza kachilombo ka HPV kamene kamayambitsa khansayi, ndipo zokayezazo mayi atha kudzitengera yekha ndi kathonje. Malangizo omwewo amati mayi wopitirira zaka 50 asiye kuyezetsa pokhapokha atapezeka wopanda vuto kawiri motsatizana. Mayi wa zaka 58 amene sanayezetsepo chibadwire sanatuluke m'chiopsezo. Wangotuluka m'kaundula.

Kwa abambo, kuvutika pokodza nthawi zambiri ndi kukula chabe kwa prostate, kachiwalo ka abambo kokhala pansi pa chikhodzodzo, komwe kumadza ndi zaka. Chodetsa nkhawa ndi msana wowawa usiku osaleka, pamodzi ndi kuonda. Ndipo miyendo ikayamba kufooka kapena dzanzi, mkodzo n'kumangotuluka wokha kapena kukaniratu, imeneyo ndi ngozi ya tsiku lomwelo: khansa ikhoza kukhala itapanikiza mtsempha waukulu wa mumsana, ndipo kuchedwa masiku ochepa kumasiya munthu wosayendanso.

Thupi lokhala ndi zosungira zochepa

Ziwalo za munthu wachinyamata zili ngati nkhokwe yodzadza: chaka chikavuta, chimanga chimakwanabe. Za wokalamba zili ndi chongokwanira kufika pokolola. Masiku wamba kusiyanaku sikuoneka. Kumaonekera pamene opaleshoni kapena kemo (mankhwala amphamvu opha maselo a khansa) yabwera.

Tengani impso. Ku labu amayeza creatinine, chinthu chochokera m'minofu chimene impso zimasefa. Gogo woonda ali ndi minofu yochepa, ndiye creatinine wake amaoneka wabwinobwino ngakhale impso zitatopa. Pali kawerengedwe kakale ka Cockcroft ndi Gault, ka mu 1976, kamene kamaphatikiza zaka, kulemera ndi kuti munthu ndi mwamuna kapena mkazi. Bambo wa zaka 30 wolemera makilogalamu 70, creatinine wake ali 1.0, impso zake zikusefa mamililita pafupifupi 107 pa mphindi. Mayi wa zaka 75 wolemera makilogalamu 42, ndi creatinine yemweyo wa 1.0, zikusefa pafupifupi 32. Pepala la ku labu ndi lofanana, impso n'zosiyana katatu. Ndipo cisplatin, mankhwala odziwika pa khansa ya khomo la chiberekero, amafuna impso zosefa kupitirira 50 kapena 60. Kawerengedweka sikangatheke ngati wodwala sanakwezedwe pa sikelo tsiku limenelo. Kulemera kolembedwa miyezi itatu yapitayo n'kwabodza kwa munthu amene akuonda.

Mafuta a m'mafupa, omwe amapanga magazi, amachedwa kubwerera mwakale pambuyo pa kemo. Mwa mankhwala a kemo, doxorubicin amafooketsa mtima, umene mwa wokalamba ukhoza kukhala utatopa kale ndi BP ya zaka zambiri. Vincristine ndi paclitaxel amachititsa dzanzi kumapazi ndi kuzala. Kwa mnyamata dzanzi ndi chosowetsa mtendere chabe, koma kwa gogo woyenda ndi ndodo ndi kugwa, kuthyoka chiuno, kenako kugona osadzukanso. Vuto lina n'lakuti mankhwala ambiri a khansa anayesedwa pa anthu ocheperapo zaka ndiponso athanzi kuposa odwala enieni a m'mawodi, motero milingo yolembedwa m'mabuku sinapimidwe pa matupi ngati awa.

Kuyeza munthu, osati khansa yokha

Akatswiri a khansa ya okalamba, omwe bungwe lawo la padziko lonse la SIOG linakhazikitsidwa mu 2000, amalimbikitsa kuti chithandizo chisanayambe, wodwala aunikidwe moyo wake wonse: mayendedwe, kadyedwe, kukumbukira, matenda ena, mankhwala amene akumwa, mtima wake ngati uli wosweka, ndi amene akumusamala. Mawuwa akumveka aakulu, koma zambiri mwa izi sizifuna makina.

Namwino amaika mpando, n'kupima mamita atatu pansi. "Agogo, tadzukani, mukafike pamzere apo, mutembenuke, mubwere mudzakhalenso." Akuyang'ana ngati akukankha ndi manja podzuka, ngati akudzandira potembenuka, ngati dzanja likufunafuna khoma. Kupitirira masekondi 12 ndi chizindikiro choti munthuyu atha kugwa. Kenako amatchula zinthu zitatu, mwina mbuzi, mpando, mango, n'kuwauza kuti adzawafunsanso. Amacheza zina: ndani amakutungirani madzi, mumasamba nokha, kutchalitchi kapena kumzikiti mukupitabe wapansi? Chitenje chimene munkamanga kamodzi pano chikuzungulira kangati? Patapita mphindi zingapo amafunsa zinthu zitatu zija. Ngati zaka zenizeni sizikudziwika, monga zimakhalira ndi achikulire ambiri, amafunsa ngati pa njala ya 1949 anali atabadwa, kapena anali wamkulu bwanji pamene dziko linkalandira ufulu mu 1964.

Ku France anakonza mafunso asanu ndi atatu otchedwa G8, omwe anasindikizidwa mu 2012 ndipo amatenga mphindi zochepa. Amafunsa za kudya m'miyezi itatu yapitayo, kuonda, kuyenda, maganizo, kutalika poyerekeza ndi kulemera, kumwa mitundu ya mankhwala yoposa itatu, mmene munthu amadzionera poyerekeza ndi anzake amsinkhu wake, ndi zaka. Mapointi onse ndi 17, ndipo wopeza 14 kapena kutsika ayenera kuunikidwa mozama. Zaka ndi funso limodzi lokha mwa asanu ndi atatuwo.

Kodi zimathandizadi? Kafukufuku wa GAP70+, wotsogoleredwa ndi Supriya Mohile wa ku University of Rochester ndipo anasindikizidwa mu The Lancet mu 2021, anatsata odwala 718 a zaka 70 kupita m'tsogolo omwe khansa yawo inali yosachiritsika. Kumene madokotala anapatsidwa zotsatira za kuunika kotereku, odwala 51 mwa 100 alionse anakumana ndi zovuta zazikulu za mankhwala. Kumene sanapatsidwe, anali 71. Ogwa anali 12 poyerekeza ndi 21. Ambiri a gulu loyambalo anayamba ndi mlingo wochepetsedwa, koma kutalika kwa moyo sikunasiyane. Chaka chomwecho kunatuluka zotsatira za kafukufuku wina wotchedwa GO2 ku Britain, pa odwala 514 okalamba kapena ofooka a khansa ya kummero ndi m'mimba yofalikira. Ena analandira mlingo wonse, ena magawo 80 pa 100, ena 60. Olandira wochepetsetsawo khansa yawo inagwidwa mofanana ndi enawo, ndipo ndi amene anavutika pang'ono. Tiziwerenga izi mosamala, chifukwa mtundu wa khansa ya kummero wofala ku Britain ndi wina, wofala kuno ndi wina. Komabe phunziro loti mlingo waukulu si ndiye chithandizo chabwino kwa thupi lofooka likutikhudza.

Kuunikaku kumateteza mbali zonse ziwiri. Gogo wa kudimba uja, woyenda mamita atatu aja m'masekondi asanu ndi atatu, asamuuze kuti "pa msinkhu wanuwu opaleshoni n'njosatheka". Chotupa cha m'bere chimachotsedwa bwinobwino mwa amayi a zaka za m'ma 70, ndipo khansa zambiri za m'mawere mwa achikulire ndi za mtundu womvera mapiritsi ngati tamoxifen. Mbali inayo, khansa zina za prostate zimakula pang'onopang'ono moti bambo wa zaka 80 wodwalanso mtima atha kuthandizidwa bwino pongomuyang'anira.

Jumbo ya mankhwala

Chinthu chimodzi chimene ndikanakonda chitakhala chizolowezi m'wodi iliyonse ndi kupempha gadiyani kuti akhuthule patebulo chilichonse chimene wodwala akumwa. Osati kuwerenga zolembedwa m'buku la kuchipatala, koma kuona ndi maso. Mumatuluka timapepala ta mapiritsi a BP tofufutika zilembo, ma ARV, bactrim, brufen kapena indocid wogula pagolosale chifukwa cha mawondo, panado, ndipo pansi penipeni kabotolo ka mankhwala azitsamba komwe sikakanatchulidwa.

Chilichonse mwa izi chili ndi nkhani yake ikakumana ndi kemo. Brufen ndi indocid amapweteka impso zomwe zatopa kale, ndipo amatha kuyambitsa kutaya magazi m'mimba. Tenofovir, amene ali m'piritsi la ma ARV la TLD, nayenso amadutsira ku impso, ndiye pomuphatikiza ndi cisplatin pamafunika kuyeza pafupipafupi, osati kusiya ma ARV. Rifampicin wa TB amachititsa chiwindi kuphwanya mankhwala ena msanga, mphamvu yawo n'kuchepa. Mapiritsi a BP okodzetsa, kwa munthu amene akusanza ndi kutsegula m'mimba, amamumaliza madzi m'thupi. Glibenclamide, kwa wa shuga amene wasiya kudya, amagwetsa shuga mpaka kukomoka, pomwe dexamethasone woperekedwa limodzi ndi kemo amamukweza. Za kabotolo kaja, kukalipa sikuthandiza. Wokalipiridwa amangobisa, n'kumamwabe. Namwino wanzeru amafunsa modekha kuti akumwa kangati, n'kudziwitsa dokotala.

Masiku oopsa ali kunyumba

Kemo imaperekedwa kuchipatala, koma ngozi yake yaikulu imachitikira kumudzi. Pakati pa tsiku la 7 ndi la 14 kuchokera pa dilipi, asilikali a m'magazi amatsika kwambiri, ndipo kachilombo koti munthu wabwino sakanakamva n'komwe kakhoza kupha m'maola ochepa. Thupi likatentha kufika madigiri 38, wodwala ayenera kufika kuchipatala nthawi yomweyo, ngakhale pakati pa usiku, n'kunena pakhomo pomwe kuti ali pa kemo, kuti alandire maantibayotiki a mumtsempha mosadikira pamzere. Kunena kuti ndi malungo n'kumwa LA wotsala, kapena kuziziritsa thupi ndi panado n'kudikira kuche, ndi kumene kwatayitsa anthu.

Chovuta n'chakuti okalamba ambiri satentha thupi ngakhale matenda atalowa m'magazi. Chimene chimaoneka ndi kusokonezeka mutu mwadzidzidzi: kubwebweta usiku, kusazindikira mdzukulu, kufuna kutuluka panja osavala, kapena kungogona tsiku lonse. Apabanja amaganiza za misala, ena za kulodzedwa, ndipo tikudziwa kuti m'midzi ina gogo wolankhula zosamveka amanenedwa ufiti iye mwini. Namwino ayenera kunena izi zisanachitike: akayamba kusokonezeka, si mizimu, si ukalamba, thamangani nawo kuno.

Ndiye funso loti gadiyani ndi ndani si laling'ono. Nthawi zambiri ndi mkazi wake wa wodwalayo, nayenso wa zaka 70, wosaona bwino, kapena mdzukulu wa Fomu 2 amene wajomba kusukulu. Kumuwerengera malangizo kamodzi n'kufunsa kuti "mwamva?" sikukwanira, chifukwa mwaulemu aliyense amayankha kuti eya. Pamafunika kumupempha kuti abwereze m'mawu ake, aloze piritsi la m'mawa ndi la madzulo, anene kumene akapeze njinga kapena galimoto usiku.

Kufunsa mwini thupi

"Chonde musawauze, angafe ndi maganizo." Pempholi anamwino amalimva kawirikawiri, ndipo limachokera m'chikondi. Koma munthu amene wakhala zaka 75 m'thupi lake amadziwa kuti zinthu sizili bwino. Kumubisira kumamusiya yekha ndi mantha ake, ndiponso kumamulanda mwayi wogawa munda, kuitana mwana amene ali ku Johannesburg, kapena kukana ulendo wina wa ku Lilongwe umene sakuufuna. Sikuti amuuze mokakamiza. Njira yaulemu ndi kumufunsa mwini wake: "Agogo, zotsatira zabwera. Mukufuna tikufotokozereni inuyo, kapena tiuze ana anu, kapena tikhale tonse pamodzi?" Akasankha kuti ana ndiwo amve, kumeneko ndi kusankha kwake. Funso lachiwiri ndi loti chofunika kwambiri kwa iwo n'chiyani. Ena amati ndichite chilichonse chotheka. Ena amati ndingomeza phala, ndikhale kwathu. Kwa wachiwiriyu, kachubu kolowetsa kummero kotsegula njira ya chakudya kakhoza kukhala kaphindu kuposa miyezi ya kemo.

Kuthetsa ululu si chizindikiro choti madokotala ataya mtima. Mu 2010 Jennifer Temel ndi anzake ku Boston anaonetsa kuti odwala khansa ya m'mapapo yofalikira omwe anayamba msanga kulandira chisamaliro chochepetsa ululu ndi nkhawa anakhala ndi moyo wabwinopo, ndiponso wotalikirapo, miyezi 11.6 poyerekeza ndi 8.9. Kuno ntchitoyi ili ndi mizu yake: Tiyanjane pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, ndi Ndi Moyo ku Salima, imene anayambitsa namwino Lucy Finch. Mfundo za WHO za mu 1986 zikadali zomwezo: mankhwala akumwa, pa nthawi yake, osadikira kuti ululu ubwerere. Mofini wamadzi amamwedwa maola anayi alionse. Kwa wokalamba amayamba ndi mlingo wochepa n'kumakweza pang'onopang'ono, makamaka ngati impso zili zofooka, ndipo tsiku loyamba lomwelo amapatsidwa mankhwala ofewetsa m'mimba, chifukwa mofini amadzimbiritsa pafupifupi aliyense. Mabanja ambiri amaopa kuti mofini ndi wotsirizira munthu. Woperekedwa pa mlingo woyenera safupikitsa moyo, amangolola munthu kugona, kudya ndi kucheza.

Chithandizo chowotcha khansa ndi cheza champhamvu (radiotherapy), chimene kwa zaka zambiri chinkafuna ulendo wa kunja kwa dziko, tsopano chilipo pa National Cancer Centre ku Lilongwe kuyambira mu 2025. Kwa okalamba pali mfundo yothandiza: ululu wa khansa yolowa m'fupa umatha kuchepa ndi kuwotcha kamodzi kokha, mofanana ndi maulendo khumi.

Kupewa sikuthera pa zaka 49

WHO imati khansa 30 mpaka 50 mwa 100 zilizonse n'zopeweka, ndipo kuno gawo lalikulu la zimenezi limachokera ku tizilombo, kutanthauza kuti lili m'manja mwa anamwino ndi alangizi a zaumoyo. Katemera wa HPV analowa m'ndondomeko ya dziko lonse mu 2019, kuyambira ndi atsikana a zaka 9. Cholinga chimene WHO inakhazikitsa mu 2020 n'chakuti atsikana 90 mwa 100 abayidwe asanafike zaka 15, amayi 70 mwa 100 ayezedwe pofika zaka 35 ndiponso 45, ndipo 90 mwa 100 opezeka ndi vuto athandizidwe. Chipatala cha Nkhoma chinasonyeza kuti namwino atha kuyeza ndi kuwotcha malo okayikitsa ndi kachipangizo kotentha tsiku lomwelo, mayi osabwereranso kawiri. Katemera wa chiwindi wa hepatitis B ana akhala akulandira kuyambira 2002, kutanthauza kuti akuluakulu amene anali atakula kale pofika chakacho anamuphonya ali makanda. Likodzo losachizidwa kwa zaka zambiri limatha kubala khansa ya chikhodzodzo, ndiye magazi mu mkodzo wa msodzi wa zaka 65 sayenera kungothera pa mankhwala a likodzo a praziquantel osaunikanso.

Pa katemera wa atsikana, agogo si ongoonerera. M'makomo ambiri ndiwo akulera adzukulu, ndipo ndiwo amaloleza kapena kukaniza. Mphekesera yoti katemerayu amatseka mimba, yomwe ndi yabodza, imafa kapena kukula malinga ndi zimene anankungwi ndi amayi achikulire a kumpingo akhulupirira. Paja akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto. Namwino amene wapeza nthawi yofotokozera gogo wobwera kudzatenga mankhwala a BP wafikira atsikana a banja lonse.

Kwa okalamba eni ake, sikunachedwe. Kafukufuku wa Richard Doll pa madokotala a ku Britain, amene anawatsata kwa zaka 50, anapeza kuti wosiya fodya pa zaka 60 amawonjezera pafupifupi zaka zitatu za moyo. Pofunsa za fodya tisaiwale chingambwe ndi wofwenkha kapena woika kukamwa, amene amayi achikulire ambiri samuwerengera ngati fodya. Kachasu pamodzi ndi fodya zimawirikiza chiopsezo cha khansa ya kummero, ndipo mu 2016 bungwe lofufuza za khansa padziko lonse la IARC linaika zakumwa zotentha kupitirira madigiri 65 m'gulu la zinthu zokayikiridwa kwambiri, choncho tiyi ndi phala zizidikira pang'ono. Mtedza ndi chimanga zachuku zili ndi poizoni wa aflatoxin wowononga chiwindi. Zosankhidwa zoola zija, zimene sizinagulike pamsika, kawirikawiri ndi zimene zimatsala pakhomo n'kusinjiridwa.

Wina anena kuti namwino mmodzi wokhala ndi mzere wofika kumsewu sangachite zonsezi, ndipo akunena zoona. Koma sikelo, mpando ndi mafunso atatu, la kumeza, la magazi ndi la kuonda, zimakwana m'mphindi zimene gogo akupimidwa BP. Pomwe pamatayika anthu ambiri ndi pambuyo pake. Kalata yotumiza wodwala kuchipatala chachikulu imalembedwa, koma ndalama ya thiransipoti palibe, kapena zotsatira za kanyama kaja zimafika patatha milungu, mwini wake atabwerera kumudzi kopanda foni. Pulogalamu ya ma ARV ndi ya TB zinaphunzira kale kulondola munthu amene sanabwere pa tsiku lake, kudzera m'kaundula, nambala ya wachibale ndi mlangizi wa zaumoyo wa m'mudzimo. Kaundula wotere wa okalamba otumizidwa chifukwa chokayikira khansa, wokhala ndi tsiku lotumizidwa, tsiku lofika ndi dzina la womulondola, chipatala chaching'ono chilichonse chikhoza kumuyamba ndi kope limodzi.